Lizi ya Malo Ogulitsira Mafuta Ikamatha, Nthaka Iyezedwe

Amene adayamba kale kuyendetsa galimoto ku Malawi amakumbukira zikwangwani zomwe lero kulibe. Kudali Oilcom, imene idadzakhala BP. Kudali Mobil, kudali Caltex. Mu 2010 kampani ya BP idalengeza zoti ikugulitsa bizinesi yake ya ku Malawi, Zambia, Tanzania, Namibia ndi Botswana ku Puma Energy. Malo a Mobil adapita m'manja mwa Total, a Caltex adakhala a Engen, ndipo mu 2019 bizinesi ya Engen idatengedwa ndi Vivo Energy. Chikwangwani chimasintha tsiku limodzi, penti imauma msanga, anyamata ndi atsikana a pa pampu n'kulandira yunifolomu ina. Koma pansi pa konkire amene galimoto imaimapo pali mathanki, mapaipi, dothi ndi madzi, ndipo zimenezi sizisinthira limodzi ndi chikwangwani. Dothi limasunga zimene zidadontheramo, kaya zidadontha chaka chatha kaya zaka 40 zapitazo.

Makampaniwa sindikuwatchula pofuna kuwaloza chala. Ndikungoonetsa kuti malo amodzi ogulitsira mafuta amadutsa m'manja mwa anthu ambiri, pamene mwini nthaka amakhala yemweyo: banja, mpingo, khonsolo kapena boma. Pakati pa mwini nthaka ndi wogulitsa mafuta pamakhala pepala la lizi. Zaka zake zikamatha, awiriwa amakhala pansi kukambirana zoiwonjezera, ndipo nkhani imene imatenga nthawi ndi ya lendi. Funso limene ndikufuna tilione bwino ndi lina: nthaka imene akubwereketsanayo ili bwanji, nanga ikapezeka kuti idaipa, alipire ndani? Ine ndikuona kuti palibe nthawi yabwino yofunsira funsoli kuposa pamene lizi ikukawonjezeredwa. Ndi nthawi yokhayo imene mbali zonse ziwiri zimafunana, ndipo amene asaina osayeza amasenza mlandu umene sakudziwa kukula kwake.

Anthu ambiri akamva za kutayika kwa mafuta amaganiza za thanki yobooka. Zimachitikadi. Mathanki akale ankapangidwa ndi chitsulo cha khoma limodzi n'kukwiriridwa m'dothi lachinyontho, ndipo dzimbiri limadya chitsulo pang'onopang'ono mpaka kuboola kabowo konga ka singano. Koma amisiri amene amafukula malo otere amadziwa kuti thanki si yokhayo imene imadontha. Mapaipi ochoka ku thanki kupita ku pampu ali ndi molumikizira mwambiri, ndipo galimoto zolemera zikamapondaponda pamwamba tsiku ndi tsiku, molumikizira muja mumakhwefuka. Pansi penipeni pa pampu pamadontha. Pakamwa pa thanki, pamene thankala yochokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam imatsitsira, pamatayika mafuta nthawi iliyonse imene thanki yasefukira kapena paipi yachotsedwa isanakhe yonse. Onjezanipo madontho a pa pampu, amene amachuluka mafuta akasowa anthu n'kumathiritsa m'zigubu mwaphuma, oyilo wakutha wa kugalaja ya kuseri, ndi madzi otsukira galimoto. Konkire akang'aluka, zonsezi zimatsikira pansi. Pamalo akale pamapezekanso thanki imene idasiyidwa m'nthaka poika yatsopano, amene ankadziwa pomwe ili atapuma ntchito kalekale.

Mafuta akalowa m'nthaka sakhala pamodzi. Ena amakanirira m'dothi monga amachitira mafuta ophikira pa nsalu. Ena amatsika mpaka kukafika pa madzi a pansi, ndipo poti ndi opepuka amayandama pamwamba pake: lita ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, ya dizilo pafupifupi 840, pamene ya madzi ndi 1,000. Kuno kwathu madzi a pansi amakwera m'dzinja n'kutsika m'chilimwe, choncho mafuta oyandamawo amakwera ndi kutsika nawo, akumapakika m'dothi lonse la pakati pa malire awiriwo. Chaka chilichonse mvula ikagwa, madzi amadutsanso m'dothi lopakikalo n'kutengako pang'ono. N'chifukwa chake malo amene thanki yake idachotsedwa kale amatha kupitiriza kuipitsa madzi kwa zaka zambiri. Gawo lina limasanduka nthunzi n'kumayenda m'mipata ya dothi ndi m'ngalande zokwiririka za mapaipi a madzi ndi nthambo za magetsi, mpaka kukatulukira m'sitolo, m'chimbudzi kapena m'nyumba yoyandikana nayo, momwe likhoza kudwalitsa anthu kapena kuyaka.

Limene silioneka konse ndi gawo losungunuka m'madzi. Mu petulo muli mankhwala mazanamazana, koma akatswiri amayamba kufunafuna anayi: benzene, toluene, ethylbenzene ndi xylene, amene pamodzi amawatchula BTEX. Woopsa kwambiri ndi benzene, amene adatsimikizika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati benzene asapitirire mamaikilogalamu 10 mu lita imodzi ya madzi akumwa. Ku America malire ake ndi 5, m'maiko a European Union ndi 1. Maikilogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati petulo ali ndi benzene gawo limodzi pa magawo 100, mu lita imodzi muli benzene wolemera pafupifupi magalamu 8.8. Atati asungunuke yense, akhoza kufikitsa malita 880,000 a madzi pa malire a WHO aja. Iyi ndi lita imodzi yokha, imene wa kabaza wa njinga yamoto amaitentha dzuwa lisanafike paliwombo. N'zoona kuti sasungunuka yense, wina amauluka, wina amadyedwa ndi mabakiteriya. Koma chiwerengerochi chikuonetsa chifukwa chimene madzi akhoza kuoneka oyera mbee, osanunkha kwenikweni, koma ali osayenera kumwa.

Dziko limene lidaphunzira zimenezi movutikira ndi America. Mu 1984 nyumba ya malamulo ya kumeneko idalamula kuti mathanki a pansi pa nthaka aziyang'aniridwa. Mu 1986 idakhazikitsa thumba la ndalama zoyeretsera malo oipitsidwa, zochokera ku msonkho wa gawo limodzi mwa magawo khumi a senti pa galoni iliyonse ya mafuta. Mu 1988 bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA lidapatsa eni mathanki zaka khumi, kulekezera pa 22 Disembala 1998, kuti akonze, asinthe kapena atseke mathanki akale. Atayamba kufukula adapeza zambiri, moti malo otsimikizika kuti mafuta adatayikira pansi adapitirira 500,000. Mzinda wa Santa Monica ku California udalawa kuwawa kwake. Mu 1996 udatseka zitsime zake za ku Charnock, zimene zinkapereka pafupifupi theka la madzi akumwa a anthu ake, zitapezeka ndi MTBE, mankhwala amene ankathiridwa mu petulo kuti aziyaka bwino. MTBE amasungunuka m'madzi kuposa benzene kokwana ka 20 ndi kupitirira, sakanirira m'dothi, ndipo mabakiteriya samudya msanga, choncho amafika kutali. Mzindawo udakhala ukugula madzi kwina mpaka 2010, pamene zitsimezo zidatsegulidwanso atamanga makina osefera, ndipo makampani a mafuta adalipira ndalama zankhaninkhani.

Pali msampha umene mwini malo angagwemo mosavuta. Nthawi yokambirana ikakwana, kampani imabweretsa chikalata chosonyeza kuti mathanki ndi mapaipi adayesedwa ndipo sakudontha, pamodzi ndi mabuku a dipu, momwe amalemba mafuta olowa, ogulitsidwa ndi otsala tsiku lililonse. Zikalatazi n'zofunika ndipo muziziitanitsa. Koma zimayankha funso lina. Zimanena za thanki lero lino, osati za nthaka. Thanki yatsopano yosadontha ikhoza kukhala m'dzenje momwe yakale idadonthera kwa zaka 20. Komanso kuyesa kulikonse kuli ndi polekezera. Lamulo la ku America limafuna kuti njira yoyesera thanki izitha kuzindikira kudontha kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a galoni pa ola, omwe ndi malita 0.38. Kudontha kochepera pamenepo kukhoza kudutsa osaoneka, chonsecho malita 0.38 pa ola ndi malita 9 patsiku, oposa 3,300 pachaka. M'buku la dipu la malo amene amagulitsa malita masauzande patsiku, malita 9 amabisala mosavuta m'kusiyana kobwera chifukwa cha kutentha, kuuluka kwa nthunzi ndi kawerengedwe ka ndodo yodipira. Amene akufuna kudziwa za nthaka ayenera kuiboola.

Komabe kuyeza kwabwino kumayamba makina oboolera asanafike. Katswiri amayamba ndi mbiri ya malowo: adamangidwa liti, mathanki alipo angati, ndi achitsulo kapena a fibreglass, a khoma limodzi kapena awiri, adaikidwa chaka chanji, ndi ati amene adasiyidwa. Amayang'ana mapulani akale ndi zithunzi zojambulidwa mumlengalenga, ndipo ngati ali wanzeru amakhala pansi ndi mlonda kapena wothira mafuta amene wakhalitsa pamalopo. Anthu amenewa amakumbukira tsiku limene thankala idasefukiza mafuta n'kuyenderera mpaka kumsewu, zimene mwina sizidalembedwe m'buku lililonse. Kenako amayendera malo onse ndi kunja kwa mpanda komwe. Amavundukula zivundikiro, amanunkhiza m'ngalande, amaona kumene madzi amvula amalowera, amalemba chitsime chilichonse, mjigo uliwonse, dambo, mtsinje, sukulu ndi madimba amene ali pafupi. Ku America gawoli amalitchula Phase I ndipo lili ndi ndondomeko yake ya ASTM E1527. Ku England amatsata malangizo a Environment Agency a 2020, amene adalowa m'malo mwa a 2004. Maina ndi osiyana, koma onse amafunafuna zinthu zitatu zolumikizana: gwero la choipacho, njira imene chingadzere, ndi munthu kapena madzi amene chingakawafike. Chimodzi chikasowa ngozi imachepa kwambiri, zonse zitatu zikakhalapo ndiye kuti ntchito ilipo.

Mbiri ija ndiyo imalozera poboola. Saboola potengera pamene makina angaime mosavuta, ayi. Amaboola pafupi ndi mathanki, m'mbali mwa mapaipi, pamene pali mapampu, pakamwa potsitsira mafuta, pa dzenje lolekanitsa mafuta ndi madzi, ndi m'malire a kumunsi kumene madzi akulowera. Mita yoyamba ndi kupitirirako pang'ono amakumba pamanja, kuopa kuboola paipi ya mafuta kapena kudula nthambo ya magetsi. Dothi likamatuluka katswiri amalemba mtundu wake, kaya katondo, makande, mchenga kapena mwala wofumbutuka, n'kuliyeza ndi kachipangizo ka m'manja kotchedwa PID kamene kamamva nthunzi za mafuta. Kachipangizoka kamangothandiza kusankha masampulo. Chiwerengero chodalirika chimachokera ku labotale.

Mabowo ena amasandutsidwa zitsime zoyezera, zokhala ndi paipi yapulasitiki ya timipata chakunsi kwake. Zitsimezi zikhale zitatu kapena kuposerapo, chifukwa ndi zitatu zimene msinkhu wa madzi ake wayezedwa molondola munthu akhoza kudziwa kumene madzi a pansi akuyenderera, pamene ziwiri sizikwanira. Chimodzi chikhale kumtunda, choonetsa madzi amene akulowa pamalopo, poti mwina choipacho chikuchokera kwa mnansi, galaja kapena siteshoni ina ya tsidya la msewu. Pali cholakwika chimodzi chimene ndikufuna mwini malo aliyense achidziwe, chifukwa chimabisa zambiri. Gawo la paipi lokhala ndi timipata liyenera kuyambira pamwamba pa madzi n'kutsikira pansi pake. Likamizidwa lonse, mafuta oyandama aja sangalowe m'chitsime, ndipo lipoti lidzati palibe mafuta pamene mafutawo ali pompo.

Katengedwe ka masampulo nako kakhoza kuwononga ntchito yonse. Benzene sachedwa kuuluka. Madzi amathiridwa m'timabotolo tagalasi ta mamililita 40, todzaza mpaka kukamwa popanda kathovu ka mpweya ngakhale kamodzi, n'kusungidwa pozizira pafupifupi madigiri 4, ndipo amayenera kupimidwa masiku 14 asanathe. Sampulo imene yakhala padzuwa la Okutobala ku Nchalo kumbuyo kwa galimoto, kapena yachedwa pachipata cha dziko popita ku labotale yakunja, imafika itataya chimene tikufuna kuyezacho, ndipo zotsatira zake zimakhala zokoma koma zabodza. Funsani ngati labotale ili ndi chiphaso cha ISO/IEC 17025 pa mayeso amenewo. Itanitsani pepala losonyeza amene adagwira masampulo kuchoka pamalo mpaka ku labotale. Onani ngati makina awo amatha kuona mlingo wochepera malire a madzi akumwa, chifukwa lipoti lonena kuti benzene sadapezeke, pamene makinawo sangaone chochepera mamaikilogalamu 50, silinanene kanthu.

Pa mndandanda wa zopima, kupatula BTEX, pakhale kuchuluka kwa mafuta onse m'magulu ake, kumene amakutchula TPH, ndi naphthalene amene amapezeka kwambiri mu dizilo. Pakhalenso mtovu. Maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara adasiya petulo wa mtovu pofika kumayambiriro kwa 2006, potsatira mgwirizano wa ku Dakar wa 2001. Malo aliwonse amene ankagulitsa petulo chisanafike chaka chimenecho ayezedwe mtovu pamodzi ndi mankhwala awiri amene ankathiridwa nawo limodzi, EDB ndi 1,2-DCA, amene amakhalitsa m'madzi. Zimenezi zimathandizanso pa mkangano wa amene adawononga, poti zikapezeka zimasonyeza kuti kutayikako n'kwakale.

Kuyeza madzi kamodzi sikokwanira, ndipo apa ndi pamene kalendala imavutira. Madzi ayezedwe kumapeto kwa chilimwe, mu Okutobala kapena Novembala pamene ali pansi kwambiri, ndi kumapeto kwa dzinja, mu Malichi kapena Epulo pamene akwera. Chitsime chomwecho chikhoza kuonetsa mafuta oyandama nyengo ina n'kuwabisa nyengo inayo. Tanthauzo lake n'lakuti ntchitoyi iyambe kutatsala chaka chathunthu kapena kuposerapo kuti lizi ithe. Amene wakumbukira kutatsala mwezi umodzi adzalandira lipoti lothamangira, ndipo adzasaina chifukwa cha nthawi osati chifukwa chakuti wakhutira.

Zotsatira zikabwera pasakhale kuthamanga magazi. Malo akale ogulitsira mafuta kawirikawiri amapezeka ndi kanthu ndithu, ndipo chofunika kudziwa n'chakuti n'kochuluka bwanji, kakulowera kuti, kakukula kapena kakutha. Kafukufuku wa Lawrence Livermore National Laboratory wa 1995, amene adaunika malo mazanamazana ku California, adapeza kuti pamalo ambiri benzene wosungunuka safika mamita 100 kuchokera pa gwero, chifukwa mabakiteriya a m'nthaka amamudya m'njira. Izi n'zolimbitsa mtima, koma tisazitenge monga zilili. Mamita 100 m'tauni imene nyumba zake zimamwa madzi a m'mipopi si ofanana ndi mamita 100 pamsika wa m'mbali mwa msewu wa M1. Kwathu kuno mkati mwa mtunda umenewo mukhoza kupeza chitsime chokumba pamanja kuseri kwa resitihausi, mjigo wa pamsika ndi dimba la mpiru. M'mbali mwa nyanja, monga ku Salima, Nkhotakota ndi Karonga, komanso m'chigwa cha Shire, nthaka yambiri ndi ya mchenga ndi matope obwera ndi mitsinje, ndipo madzi ali pafupi. Kumtunda, ku Lilongwe, Kasungu kapena Blantyre, pansi pa dothi pali thanthwe la ming'alu, ndipo madzi a m'ming'alu akhoza kulambalala chitsime choyezera n'kukatulukira pa mjigo wa patsogolo. Mjigo wa pampu yamagetsi, umene umapopa madzi ambiri, umatha kudzikokera wokha madzi oipawo.

Palinso china chimene ndi chathuchathu. Dziko la Malawi lidayamba kusakaniza ethanol mu petulo mu 1982, pamene fakitale ya Ethco idatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo ya PressCane ku Chikwawa idabwera mu 2004. Ethanol payekha si woopsa ngati benzene ndipo sachedwa kutha m'nthaka. Vuto n'lakuti mabakiteriya amayamba kudya iyeyo n'kumaliza okosijeni amene akadadyera benzene. Benzene amapeza mpata wopita patali, ndipo pakuwola kwa ethanol pamatuluka mpweya wa methane umene umayaka. Katswiri amene akuyeza malo a kuno aganizire zimenezi, asangokopera manambala a kwina.

Tsopano tifike pa ndalama. Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo mlandu wa nthaka yoipitsidwa umadikira zaka zambirimbiri. Kuno ku Malawi, lamulo la Environment Management Act la 2017, limene lidakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limazindikira ufulu wa munthu aliyense wokhala pamalo aukhondo, ndiponso mfundo yoti wowononga ndiye alipire. Lamulo la Water Resources Act la 2013 limateteza madzi, a pansi pa nthaka omwe, ndipo ziphaso zogulitsira mafuta zimachokera ku bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la MERA. Mfundo yoti wowononga alipire ndi yosavuta kuinena, koma pamalo amene padutsa makampani atatu ndi madila asanu oyendetsa malowo, wowonongayo ndi uti? Aliyense adzati adazipeza zili choncho. Maiko ena adaliona vutoli n'kulemba yankho lake m'malamulo. Ku England, gawo la Part 2A la Environmental Protection Act ya 1990, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2000, limayamba kufunafuna amene adaipitsa kapena amene adalekerera akudziwa, ndipo akasowa, mbali ina ya udindo imagwera mwini malo kapena amene akukhalapo. Ku South Africa, ndime 28 ya National Environmental Management Act ya 1998 imaika udindo wokonza pa wowononga komanso pa mwini malo, ndipo gawo la Waste Act ya 2008 lokhudza nthaka yoipitsidwa, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2014, limaletsa kusamutsa umwini wa malo otere osamuuza wolandirayo. Phunziro lake n'loonekeratu ngakhale kumene malamulo sanalembe motero. Kampani imagulitsidwa, dila amagwa mu bizinesi n'kusamuka, koma mwini nthaka amatsala nayo. Akafuna kuigulitsa, kumangapo nyumba kapena kukatengera ngongole kubanki, zimene zili pansi zija zimamupeza iyeyo.

N'chifukwa chake lipoti la kuyeza lisakhale la mu kabati. Limatidwe ku lizi yatsopano n'kusainidwa ndi mbali zonse ziwiri, kuti likhale umboni wa mmene nthaka ndi madzi zidalili pa tsiku limenelo. Lizi ikadzathanso, kuyezanso kudzachitike m'zitsime zomwezo ndi pa mankhwala omwewo, ndipo chimene chawonjezekera chidzakhala cha amene anali pamalopo. Izi zimateteza mwini malo, koma zimatetezanso wobwereka, makamaka dila wamng'ono amene walowa pamalo akale ndipo akhoza kudzalipitsidwa za anthu amene sadawaonepo. Lizi inene momveka kuti mathanki ndi mapaipi ndi a yani, ndipo adzawafukule ndani. Inene kuti zitsime zoyezera zizipimidwa kangati ndipo mwini malo azilandira zotsatira, kuti mafuta akatayika auzidwe pasanathe masiku angati, ndiponso kuti anansi akadzafuna chipukutamisozi alipire ndani. Ilole kampani kulowa pamalopo kudzamaliza kuyeretsa ngakhale lizi itatha. Pakhalenso chikole kapena inshuwalansi, chifukwa lonjezo la kampani imene idatsekedwa silikumba dothi.

Mawu amene ndimawaopa kwambiri m'malizi ndi akuti wobwereka adzabweza malo ali bwino. Ali bwino pochita chiyani? Mlingo wa mafuta otsala m'dothi umene ndi wololeka pansi pa konkire wa malo a malonda si wololeka pa malo amene padzamangidwe nyumba, ana n'kumasewera padothi. Kampani idzafuna mlingo wa malo a malonda chifukwa ndi wotchipa, pamene mwini malo mwina akuganiza zodzamangapo nyumba za lendi kapena sukulu ya mkaka. Kusiyana kwa milingo iwiriyi ndi ndalama zambiri, ndipo kukapanda kulembedwa lero kudzakambidwira kukhoti.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Kuboola, kupima ndi kulipira katswiri n'zodula, makamaka ngati masampulo akupita kunja kolipira ndalama zakunja, ndipo mapampu ena amaima masiku angapo. Zonsezi n'zoona. Palinso mantha amene satchulidwa poyera: bwanji tikapezadi kanthu? Koma kusayeza sikuchepetsa mafuta amene ali pansi, kumangowapatsa nthawi yofalikira. Kudontha kopezeka msanga kumatha ndi kusintha paipi ndi kufukula dothi la malole ochepa, n'kukaliyanika pamalo otetezedwa kuti mabakiteriya alidye. Kukafika m'madzi kumafuna kuyengula mafuta oyandama, kuyamwa nthunzi m'dothi ndi makina, kupopera mpweya pansi kapena kupopa madzi n'kuwasefa, ntchito imene imatenga zaka. Nthawi zina, ngati gwero lachotsedwa ndipo palibe chitsime pafupi, n'kololeka kusiyira mabakiteriya ntchitoyo, koma pokhapokha manambala a nyengo zingapo akuonetsa kuti choipacho chikuchepadi. Za wolipira kuyeza, ine ndikuona kuti ikhale kampani imene yakhala ikupindula ndi malowo, koma katswiriyo avomerezedwe ndi mbali zonse, lipoti lilembedwe m'maina a onse awiri, ndipo mwini malo apeze munthu wake womuwerengera. Loya yekha sangaone kuti chitsime chidamizidwa molakwika.

Pa tebulo la lizi pamakhala anthu awiri, koma wachitatu amene nkhaniyi imamukhudza kwambiri saitanidwa. Ndi mayi amene amatunga pachitsime cha kuseri kwa mpanda m'mawa uliwonse. Iye salandira lendi, sagulitsa mafuta, ndipo alibe njira yodziwira zimene akumwetsa ana ake. Makhonsolo ndi mipingo imene ili ndi malo otere ili ndi udindo waukulu kwa iye, ndipo ndiyo iyenera kuyamba kuonetsa chitsanzo pokana kusaina popanda lipoti.

Inu amene muli ndi malo a lizi imene ikutha m'zaka ziwiri zikubwerazi, lemberani kampani kalata mwezi uno, muitanitse mbiri ya mathanki ndi mabuku a dipu, ndipo mugwirizane za kuyeza kwa nyengo ziwiri musanakambe za lendi. Ndipo inu amene mumakhala pafupi ndi malo ogulitsira mafuta, madzi a pachitsime chanu akayamba kumveka fungo la petulo kapena kuoneka tamafuta tonyezimira pamwamba, lekani kumwa ndi kuphikira tsiku lomwelo. Kulorini sachotsa benzene, ndipo kuwiritsa kumangomutulutsira mu mpweya wa m'nyumba mwanu. Kanenani kwa alangizi a zaumoyo, ku khonsolo ndi ku MEPA, ndipo mupemphe kuti madziwo akapimidwe ku labotale.